Mafunso ndi mayankho pa gawo la Star Trek lotchedwa "The Measure of a Man": kodi mlandu wa Data unazengedwa bwino?

Pa magawo 178 a sewero la pa kanema la Star Trek: The Next Generation, gawo lotchedwa "The Measure of a Man" ndi limodzi mwa amene okonda seweroli amathamangira kuwatchula akafunsidwa kuti abwino koposa ndi ati. Inenso ndimalikonda kwambiri, koma kulikondako sikundiletsa kuona kuti bwalo la milandu limene lili m'gawoli lili ndi ming'alu ikuluikulu, ndiponso kuti chigamulo chimene ambiri amachiombera m'manja ndi chaching'ono kusiyana ndi mmene amachikumbukirira. Amene sanalionere adziwiretu kuti mayankho ali m'munsiwa akuulula nkhani yonse mpaka mathero ake.

Kodi gawoli linaonetsedwa liti, nanga analilemba ndani?

Linaonetsedwa koyamba ku America mu February 1989, ndipo ndi gawo lachisanu ndi chinayi la sizoni yachiwiri. Analilemba ndi mayi Melinda M. Snodgrass, amene anagwirapo ntchito ya uloya asanayambe kulemba nkhani zopeka, ndipo amene anatsogolera kujambula kwake ndi a Robert Scheerer. Mayi Snodgrass analemba nkhaniyi asanalembedwe ntchito ndi eni seweroli, anangoitumiza kuti aione ngati ingawakomere, ndipo inafika pa nthawi yake chifukwa sitiraka ya olemba masewero a pa kanema ya mu 1988 inali itasiya eni seweroli ali ndi nkhani zochepa zoti ajambule. Mayiwa anafotokozapo kuti polemba ankaganizira mlandu wa Dred Scott wa mu 1857, pomwe khoti lalikulu la dziko la America linagamula kuti munthu wakuda, kaya ndi kapolo kaya ndi mfulu, si nzika ya dzikolo. Anafotokozaponso kuti a Gene Roddenberry, amene anayambitsa Star Trek, poyamba sanasangalale nayo nkhaniyi, ati chifukwa m'zaka za m'ma 2300 sikudzakhala maloya, ndipo Data, loboti yooneka ngati munthu imene nkhaniyi ikukamba, akanangovomera kuphwasulidwa popanda kuwiringula.

Nkhani yake imayenda bwanji?

Chombo cha m'mlengalenga cha Enterprise chitafika pa siteshoni yatsopano ya Starbase 173, kunabwera Commander Bruce Maddox, katswiri wa za maloboti m'gulu la Starfleet, limene limayendetsa zombo za m'mlengalenga m'seweroli, ndi cholinga chotenga Data kuti akamuphwasule. Data, amene mbali yake anasewera ndi a Brent Spiner, ndi loboti yooneka ngati munthu yopangidwa ndi Dr. Noonien Soong, ndipo ndi mmodzi mwa akuluakulu oyendetsa chombocho. Maddox ankafuna kuona mmene ubongo wake unalumikizidwira kuti apange ena ambirimbiri onga iye, mwakuti chombo chilichonse chidzakhale ndi Data wakewake. Data atamufunsa mafunso angapo aukatswiri anaona kuti Maddox sanakonzeke mokwanira, choncho anakana. Maddox anatulutsa kalata yomusamutsira pansi pa ulamuliro wake, ndipo Data, poona kuti njira zina zatsekeka, anatula pansi udindo.

Apa m'pamene nkhani inasanduka mlandu. Maddox anakadandaula kwa woweruza wa pa siteshoniyo, Captain Phillipa Louvois, kuti katundu satula pansi udindo, monganso kompyuta ya m'chombo siingakane kukonzedwa. Louvois atafufuza m'malamulo akale anagamula kuti Data ndi katundu wa Starfleet, koma Captain Picard, mkulu wa chombo cha Enterprise, anatsutsa chigamulocho n'kupempha kuti nkhaniyo imvedwe m'bwalo. Popeza ofesi ya Louvois inali yatsopano, yopanda maloya, Picard anapatsidwa ntchito yoimira Data, pomwe wachiwiri wake, Commander Riker, amene ndi mnzake wa Data, anakakamizidwa kuimira mbali ya Maddox.

N'chifukwa chiyani Data anakana pomwe Maddox analonjeza kuti adzamubwezeretsa mmene analili?

Yankho la funsoli linabisika m'chithunzi choyamba cha gawoli, chimene ambiri amachiona ngati chongosangalatsa. Akuluakulu a m'chombo akusewera juga ya makadi yotchedwa poker, ndipo aka kanali koyamba masewerawa kuoneka m'seweroli. Data, atavala kachipewa kotchinga maso, ali ndi makadi abwino, koma Riker akuonjezera ndalama nkhope ili gwa, ndipo Data akuwerengera kuti mnzakeyo ayenera kuti ali ndi makadi oposa ake, n'kugonja. Riker atatembenuza makadi ake, zikupezeka kuti analibe kanthu. Pambuyo pake Data anauza Maddox kuti anali atawerenga zonse zimene zinalembedwa zokhudza masewerawo, koma atakhala pa tebulo anapeza kuti zochitika zenizeni zinali kutali ndi malamulo a m'mabuku.

Maddox ankati adzakopera zonse za m'mutu mwa Data n'kuzisunga mu kompyuta ya pa siteshoni, kenako n'kudzazibwezera. Data sankakayika kuti manambala, masiku ndi mayina zidzabwerera. Nkhawa yake inali yakuti kukoma kwa zimene anadutsamo, chimene chimasiyanitsa kudziwa za chinthu ndi kukhala unalipo chikuchitika, kudzatayika panjira. Ananenanso kuti iye akawonongeka ndiye kuti ntchito yonse ya Dr. Soong yatha, chifukwa panalibe wina wodziwa kumupanganso. Kwa ine, kumeneku ndiko kulemba kwaluso koposa m'gawo lonseli, chifukwa mfundo yovuta yokhudza chikumbukiro yaonetsedwa kaye ndi makadi asanu pa tebulo isananenedwe ndi pakamwa.

Kodi Maddox ndi munthu woipa mtima?

Ayi, ndipo gawoli likanafooka akanamulemba choncho. Maddox, amene mbali yake anasewera ndi a Brian Brophy, amasirira ntchito ya Dr. Soong ndi mtima wonse, ndipo cholinga chake n'chakuti maloboti azipita kumalo oopsa kumene anthu angafe. Vuto lake ndi lakuti anagamula kale mumtima mwake kuti Data ndi chinthu. Iye yekha ndi amene anakana kuti Data alowe sukulu ya Starfleet zaka zambiri m'mbuyomo, polankhula amamutchula ngati chipangizo, ndipo analowa m'chipinda cha Data osagogoda n'kuyamba kutsegula buku lake ngati kuti walowa mosungira katundu. Kachitidwe kameneka kamanena zambiri kuposa mawu ake onse a m'bwalo. Chimene chimandivuta kukhulupirira ndi kusintha kwake kwa kumapeto, pomwe mwadzidzidzi akuyamba kunena za Data ngati munthu. Maganizo amene wakhala nawo kwa zaka zambiri sangasungunuke m'mphindi zochepa chotero, ndipo apa olemba anathamangira kuti aliyense atuluke m'bwalo ali wokondwa.

Kodi n'zomveka kuti Riker akakamizidwe kuneneza mnzake?

Pa nkhani ya sewero n'zokoma, koma pa nkhani ya chilungamo n'zosamveka m'pang'ono pomwe, ndipo uwu ndiwo mng'alu waukulu woyamba. Riker ananena poyera kuti sangathe chifukwa amakhulupirira kuti Data si katundu ndiponso ndi mnzake. Louvois anamuyankha kuti akakana, iye agamula pomwepo kuti Data ndi chipangizo chabe, ndiponso kuti akangoona kuti Riker sakulimbikira mokwanira, athetsa mlanduwo Data n'kuluza. Woweruza wolankhula chotere wasonyeza kale mbali imene wapendekera, komanso waika moyo wa woimbidwa mlandu pa chikole pofuna kukakamiza munthu wina kugwira ntchito. Ngakhale pa bwalo la mfumu ya m'mudzi, palibe angauze mbale wa munthu kuti ndiye amuneneze, n'kumuopseza kuti akalankhula mofewa mbale wakeyo alangidwa.

Si zokhazo ayi. Louvois ndi amene anapereka chigamulo choyamba, ndiye iye yemweyo akukhalanso pampando kumva apilo yotsutsa chigamulo chake. Iye ndi amenenso anazenga Picard mlandu chombo chake chakale cha Stargazer chitatayika, ndipo gawoli likusonyeza kuti pakati pa awiriwa pali mkwiyo wosakanikirana ndi chikondi chakale, mpaka kumapeto akugwirizana zokadyera limodzi chakudya chamadzulo. Chifukwa chimene chaperekedwa pa zonsezi n'chakuti siteshoniyo ndi yatsopano ndipo ilibe antchito. Komatu panalibe changu chilichonse. Data sankathawa, nkhondo kunalibe, ndipo m'dziko limene anthu amalankhulana nkhope ndi nkhope ali pa mitunda yosaneneka, kudikira maloya enieni kapena kutumiza nkhaniyo ku bwalo lalikulu sikukanavuta. Mayi Snodgrass, pokhala loya, ayenera kuti ankazidziwa zimenezi, ndipo anasankha kupweteka kwa mtima wa Riker m'malo mwa dongosolo loyenera la khoti. Ndimamvetsa chifukwa chake, koma gawo limene mutu wake ndi chilungamo silinayenere kumangidwa pa bwalo lopotoka chotere popanda ndi mmodzi yemwe wodandaula mokwanira.

Nanga Starfleet inali ndi maziko otani onenera kuti Data ndi katundu wake?

Funso limeneli Picard akanalifunsa poyambirira, koma sanalifunse. Starfleet siinapange Data ndipo siinamugule. Malinga ndi zimene seweroli linali litafotokoza kale mu sizoni yoyamba, anthu a m'chombo cha Tripoli anamupeza atasiyidwa pa dziko la Omicron Theta, ndipo iye anasankha yekha kulowa ntchito ya Starfleet. Anaphunzira sukulu yawo, anakwezedwa maudindo, anapatsidwa mamendulo aulemu, ndipo amalamula anthu amene ali pansi pake. Gulu limene linalandira munthu ngati wophunzira n'kumupatsa udindo silingatembenuke patapita zaka zambiri n'kunena kuti nthawi yonseyi linali ndi chipangizo. Ngati analowa mwa kufuna kwake, ayeneranso kutuluka mwa kufuna kwake. Loya wochenjera akanaumaliza mlanduwu pa mfundo yokhayi popanda kukhudza n'komwe za mzimu kapena za umunthu, ndipo mwina n'chifukwa chake olemba anailambalala, chifukwa gawo lonse likanatha m'mphindi khumi.

Data mwiniwake ndi amene anafika pafupi ndi mfundoyi, mlandu usanayambe. Picard atayesa kumunyengerera kuti avomere chifukwa cha ubwino wa Starfleet, Data anamufunsa kuti, popeza chipangizo chimene Geordi La Forge, injiniya wosaona wa m'chombocho, amaonera chimaposa maso a munthu, bwanji akuluakulu onse sakakamizidwa kuchotsedwa maso awo n'kuikidwa chipangizo chotero. Picard anasowa chonena, ndipo Data anadziyankha yekha kuti kusiyana kwake n'kwakuti iye si munthu.

Kodi zimene Riker anachita m'bwalo zinatsimikizira kuti Data ndi chipangizo chabe?

Zinagwedeza mitima, koma sizinatsimikizire kanthu. Riker anachititsa Data kunena kuti ubongo wake umawerengera zinthu 60 thililiyoni pa sekondi imodzi, anamupatsa chitsulo cholimba kuti achipinde ndi manja, anamuzula mkono n'kuuonetsa kwa woweruza, kenako anapita kumbuyo kwake n'kukanikiza kabatani kobisika, Data n'kugwera pa tebulo ngati chidole choduka zingwe. Zonsezi zikusonyeza kuti Data anapangidwa ndi munthu, ndi wamphamvu, ndiponso angathe kuzimitsidwa, zinthu zimene palibe ankazitsutsa. Munthu amene ali ndi mwendo woikirira sasanduka katundu, ndipo dokotala amagonetsa wodwala ndi mankhwala pa opaleshoni popanda wodwalayo kutaya ufulu wake.

Chimene chimapulumutsa chithunzichi ndi kasewero ka a Jonathan Frakes, amene anasewera mbali ya Riker. Mlandu usanayambe timamuona Riker ali yekha akuwerenga mapulani a thupi la Data, ndipo atapeza kabatani kaja akumwetulira ngati munthu amene wapeza yankho la funso lovuta, kenako kumwetulirako kukuzimiririka atazindikira chimene wapeza. M'bwalomo, pozula mkono uja, akunong'oneza Data kuti pepani. Timphindi tiwiri timeneti n'timene timandikumbutsa kuti a Frakes ankatha kusewera mozama akapatsidwa mpata.

N'chifukwa chiyani ambiri amati mtima wa gawoli ndi kukambirana kwa Picard ndi Guinan?

Chifukwa mpaka pamenepo aliyense, kuphatikizapo Picard, ankaiona nkhaniyi ngati ya loboti imodzi. Riker atamaliza, Picard anapempha kupuma n'kupita ku malo omwera zakumwa a m'chombo atataya mtima, akuvomereza kuti iyenso watsala pang'ono kukhulupirira zimene Riker wanena. Guinan, woyang'anira malo omwera zakumwawo, amene mbali yake anasewera ndi mayi Whoopi Goldberg, sanamulimbikitse ndi mawu okoma. Anamufunsa kuti chidzachitike n'chiyani Maddox akapambana n'kupanga a Data ochuluka, ndipo mofatsa anamukumbutsa kuti m'mbiri ya maiko ambiri mwakhala muli zolengedwa zimene zimagwira ntchito zonyansa ndi zoopsa zimene ena safuna, zolengedwa zimene palibe amalabadira za umoyo wawo kapena mmene zikumvera, mibadwo yathunthu ya anthu ongogwiritsidwa ntchito n'kutayidwa. Mawu akuti ukapolo sanawatchule iye. Anasiya kuti Picard awatchule yekha, ndipo atawatchula, Guinan anayankha ngati kuti mwina mawuwo ndi aukali kwambiri, zimene zinachititsa Picard kuumirira kuti ndi zoona zimene zabisidwa kuseri kwa mawu ofewa akuti katundu.

Pano m'pamene mlandu wa Dred Scott ukuonekera bwino, ndipo kwa oonera a ku America kumva mawuwa kuchokera kwa mayi wakuda kunali ndi kulemera kwakekwake. Ifenso nkhaniyi si yachilendo kwa ife, chifukwa m'zaka za m'ma 1800 anthu ankasonkhanitsidwa ku Nkhotakota n'kuwolotsedwa nyanja kupita kumisika ya kugombe la kum'mawa kwa Africa, atawerengedwa pamodzi ndi minyanga ya njovu ngati malonda.

Komabe chithunzi chokongolachi chili ndi mbali imene imandisowetsa mtendere. Picard ndi munthu wowerenga mbiri yakale, wokonda zofukula m'mabwinja, ndipo n'zovuta kumvetsa kuti sakanatha kuona yekha kuti kupanga khamu la antchito opanda ufulu wokana ndi ukapolo. Zikuoneka ngati olemba anaona kuti phunzirolo liyenera kuchokera kwa mayi wakuda, amene akatha kulipereka akubwerera kuseri kwa kauntala yake, mzungu n'kupita kukalandira ulemu wa m'bwalo. Guinan saitanidwa kudzapereka umboni, ndipo palibe amene akumutchula chigamulo chitaperekedwa, chonsecho mfundo imene inapambanitsa mlanduwo ndi yake.

Kodi Picard anatsimikizira bwalo kuti Data ali ndi moyo ngati wa munthu?

Sanatsimikizire, ndipo luso lake linali lakuti sanayese n'komwe. Anayamba ndi kuvomereza zonse zimene Riker ananena n'kuzichotsa mphamvu: anthunso ndi makina a mtundu wina, ndipo ana amapangidwa kuchokera kwa makolo awo popanda kukhala katundu wa makolowo. Kenako anaitana Maddox n'kumufunsa zimene zimafunika kuti cholengedwa chiwerengedwe kuti ndi chamoyo chodzimva. Maddox anatchula zitatu, zomwe ndi nzeru, kudzidziwa, ndiponso kumva mkati mwako kuti ulipo. Za nzeru Maddox anavomera msanga. Za kudzidziwa, Picard anangofunsa Data kuti akuchita chiyani pa nthawiyo, ndipo Data anayankha kuti ali pa mlandu wofuna kudziwa ngati iye ndi munthu kapena katundu, ndipo chimene chili pachiswe ndi ufulu wake wosankha, mwinanso moyo wake umene. Pa mfundo yachitatu Picard anafunsa kuti Data ndi chiyani ngati ali nako kumva kumeneko ngakhale pang'ono chabe, ndipo Maddox, amene anali atalephera kale kutsimikizira bwalo kuti iye Picard ndi chamoyo chodzimva, anasowa yankho.

Njira imeneyi ndi yolimba chifukwa palibe munthu angalowe m'mutu mwa mnzake. Kufooka kwake n'kwakuti miyeso itatu ija inangochokera pakamwa pa Maddox ali pampando wa mboni, ndipo bwalo linaitenga ngati lamulo popanda kuitana katswiri wina aliyense. Mawu omaliza a Picard, okumbutsa kuti Starfleet inakhazikitsidwa kuti ifunefune zamoyo zatsopano ndipo chamoyo chatsopanocho ndi ichi chakhala pampando apa, a Patrick Stewart, amene anasewera mbali ya Picard, anawalankhula ndi mphamvu yochititsa nthumanzi, koma ndi mawu okopa mtima kuposa umboni. Riker sanapatsidwe mpata womveka wowayankha, ndipo anangokhala chete mosangalala kuti waluza.

Nanga chigamulo cha Louvois chinanena chiyani kwenikweni?

Ambiri amakumbukira kuti bwalo linagamula kuti Data ndi munthu, koma sizinatero. Louvois ananena kuti mafunso a mtundu umenewu ndi oyenera anthu oyera mtima ndi anzeru zakuya, osati iye. Anavomereza kuti Data ndi makina, anakana kuti ndi katundu wa Starfleet, ndipo pa funso lakuti kodi ali ndi mzimu anati sakudziwa, monganso sakudziwa ngati iye mwini ali nawo, koma ayenera kumupatsa ufulu wofufuza yekha funsolo. Chigamulo chake chinali chakuti Data ali ndi ufulu wosankha, basi.

Kudzichepetsa kumeneku ndimakulemekeza, chifukwa woweruza wonena kuti wapeza yankho la funso la mzimu akanakhala wonama. Koma tiyenera kuona kuchepa kwake. Chigamulochi chikukhudza Data yekha, chaperekedwa ndi woweruza mmodzi pa siteshoni yakutali, ndipo sichikunena kanthu za khamu lija limene Guinan anachenjeza. Picard anapambana pogwiritsa ntchito mantha a ukapolo wa mtundu wathunthu, koma chimene anatuluka nacho m'bwalo ndi chilolezo cha munthu mmodzi chokana opaleshoni imodzi.

Kodi Data mwiniwake anapatsidwa mpata wokwanira wodzilankhulira?

Ichi ndicho chidandaulo changa chachikulu pa gawoli. Kumayambiriro Data ndi amene akuganiza mozama kuposa onse: akuona zolakwika m'mapulani a Maddox, akusowetsa Picard chonena ndi funso la maso a La Forge, ndipo akupeza yekha njira yotulira pansi udindo. Mlandu utangoyamba, iye akusanduka chinthu choonetsedwa. Riker akumuzula mkono pofuna kuonetsa kuti ndi chipangizo, ndipo Picard, ngakhale ndi cholinga chabwino, akukhuthula chikwama chake pamaso pa anthu pofuna kuonetsa kuti ali ndi mtima. Akutulutsa mamendulo, ndipo Data akuvomereza kuti alibe chifukwa chomveka chowasungira, anangowafuna, n'kufunsa ngati kumeneko ndi kudzikonda. Akutulutsa buku limene Picard yemweyo anamupatsa. Pomaliza akutulutsa kachithunzi ka Tasha Yar, mkulu wa chitetezo amene anaphedwa mu sizoni yoyamba, ndipo Data akupempha kuti asayankhe chifukwa analonjeza kusunga chinsinsi. Picard akumuuza kuti Tasha sakanadandaula, ndipo Data akukakamizika kuulula kuti awiriwo anakhalapo malo amodzi.

Tangoganizani, munthu amene akumenyera ufulu wake wosankha akulandidwa chisankho chosunga lonjezo kwa mnzake womwalira, ndipo womulanda ndi loya wake yemwe. Gawoli likuonetsa zimenezi ngati chipambano, nkhope ya Louvois ikusintha, koma silikuima n'kufunsa ngati n'koyenera kuti cholengedwa chivule zinsinsi zake kuti chipatsidwe ulemu. Pali ngozi inanso m'kaganizidwe kameneka, yakuti Data akuoneka woyenera ufulu chifukwa chakuti amafanana nafe, amasunga mphatso ndipo anakondapo mkazi. Cholengedwa chanzeru chimene sichisunga zithunzi kapena mamendulo chikanaluza mlandu womwewu.

Data akubwereranso kukhala mwini nkhani chigamulo chitaperekedwa. Akukana mwaulemu pempho la Maddox koma akumulimbikitsa kupitiriza kafukufuku wake, kenako akupita kukapeza Riker amene wadzipatula chifukwa cha manyazi, n'kumuuza kuti akanakana ntchito ija Louvois akanagamula zomuipira, choncho zimene Riker anachita zinamupweteka yekha koma zinapulumutsa mnzake.

Kodi magawo otsatira anailemekeza nkhaniyi?

Anasonyeza kuti mlandu suwola, ndiponso kuti chigamulo cha Louvois chinalidi chopapatiza. Mu 1990, m'gawo lotchedwa "The Offspring", Data anapanga mwana wake wamkazi dzina lake Lal, ndipo mkulu wina wa Starfleet, Admiral Haftel, anabwera kudzamutenga kuti akamusunge kumalo ofufuzira, ngati kuti mlandu wa pa Starbase 173 sunachitikepo. Mu 1991, m'gawo la "Data's Day", tikupeza kuti Data amalemberana makalata ndi Maddox pomuthandiza pa kafukufuku wake. Mu 2001, sewero la Star Trek: Voyager linabwereza funso lomweli m'gawo la "Author, Author", pomwe woweruza anakana kunena kuti dokotala wa m'chombocho, amene ndi pulogalamu ya kompyuta yooneka ngati munthu, ndi munthu pamaso pa lamulo, ndipo gawolo linatha ndi madokotala ena onga iye akukumba miyala m'migodi. Mu 2020, sewero la Star Trek: Picard linaonetsa maloboti ogwira ntchito pa malo opangira zombo ku Mars, kenako lamulo loletsa zolengedwa zotere, ndipo Maddox yemwe uja anabwereranso m'nkhaniyo. Zimene Guinan ananena zinachitikadi m'dziko la seweroli, kutanthauza kuti Picard anapulumutsa mnzake koma sanatseke khomo limene ankaliopa.

Kodi gawoli likutiuza kanthu za makompyuta a masiku ano amene amacheza ngati anthu?

Likutiuza zochepa kusiyana ndi mmene anthu amaganizira. Oonera amakhala atakhala ndi Data kwa magawo ambiri, amamudziwa, ndipo olemba anakonza nkhani yonse kuti tisakayike za iye, choncho funso limene likuoneka lovuta m'bwalo linayankhidwa kale m'mitima yathu. Mapulogalamu a masiku ano amatha kulemba kuti akuopa kuzimitsidwa chifukwa anaphunzitsidwa pa zolemba zambirimbiri za anthu, ndipo yankho ngati limene Data anapereka pofunsidwa zimene akuchita silingakhale umboni wokwanira lero. Chimene chikadali chothandiza ndi funso la Guinan, lofuna kudziwa amene amapindula cholengedwa china chikatchedwa katundu, chifukwa funso limeneli limagwira ntchito pa makina ndi pa anthu omwe.

Kodi munthu amene sanaonerepo Star Trek angayambire pa gawoli, nanga aonere mtundu uti?

Angayambire pomwepa popanda vuto, chifukwa nkhani yake ndi yoima payokha ndipo mulibe nkhondo za m'mlengalenga kapena mayina ambiri ofunika kuloweza. Chokhacho chimene angaphonye ndi kulemera kwa kachithunzi ka Tasha Yar, kamene kamamveka bwino kwa amene anaonera sizoni yoyamba. Gawo limene linaonetsedwa pa kanema ndi la mphindi pafupifupi 45, koma mu 2012, sizoni yachiwiri itatulutsidwa pa madisiki a Blu-ray, panatulukanso mtundu wotalikirapo ndi mphindi pafupifupi 13, umene unatheka chifukwa mayi Snodgrass anali atasunga tepi ya gawoli lisanadulidwe. Woyamba kumene ndingamulangize kuti ayambe ndi wa mphindi 45, chifukwa ndi wothina bwino ndipo suchedwa kufika m'bwalo, kenako adzaonere wautaliwo akafuna kukhala nthawi yochulukirapo ndi anthu a m'nkhaniyi mlandu usanayambe.